Udzu wa Mikanda Kuseri kwa Achimwene

Lachiwiri

07:38 Chikwama: [chithunzi]

07:38 Chikwama: ichi. chithunzi choyamba chinatuluka mbuu, ndachifufuta

07:39 Chikwama: ndi mpiru eti?

07:51 Msuweni: iwe Chikwama, zaka ziwiri osandipatsa moni, lero ukundilonjera ndi udzu

07:51 Msuweni: uli tauni iti? kapena nawe sukudziwa kkkk

07:52 Chikwama: kwa achimwene. ndafika dzulo. masikelo a pa msika ndakonza, ndatha. basi yanga ndi ya mawa 6

07:53 Msuweni: aaa sorry. palibe chatsopano?

07:53 Chikwama: palibe. miyezi isanu tsopano chisowereni. foni yawo yozima. apolisi anatopa nafe

07:54 Msuweni: ine mpaka pano sindimvetsa. munthu kuimika lole pa depoti, makiyi momwemo, nkusowa osafika kunyumba

07:54 Msuweni: alamu ali bwnj

07:55 Chikwama: aonda. apita ku shopu yawo yosoka. ndili ndekha

07:55 Chikwama: yankha za mpiru. si iwe dokotala wa udzu? labu yonse ija ya mbewu

07:56 Msuweni: mwana wa mtauni. chilichonse chobiriwira ndi mpiru. wayamba liti kukonda dothi?

07:58 Chikwama: mmawa ndapeza alamu akuzula kuseri. ndati ndithandize. andilanda m'manja. akuti musakhudze

07:58 Chikwama: aika mu jumbo, amanga mfundo ziwiri. akuti amazula, chimabwerera

07:59 Chikwama: munthu saopa mpiru

08:02 Msuweni: ok. pa chithunzi chala chako chaoneka bwino kuposa duwa. thyola limodzi, werenga timasamba ta duwalo

08:03 Chikwama: tinayi. tayang'anizana ngati mtanda

08:03 Msuweni: ndiye banja ndi la mpiru ndithu. kabichi, repu, tanaposi, onsewo pachibale. koma banja limeneli ndi lalikulu kuposa lathu, lili ndi akuba omwe

08:04 Msuweni: mtundu wa duwa?

08:04 Chikwama: chikasu chotumbuluka. ena oyera

08:04 Msuweni: loza kudzuwa. muli mitsempha?

08:05 Chikwama: eee. yakuda, ngati pepo. ngati dzanja la munthu wogona mchipatala

08:05 Msuweni: mpiru ulibe zimenezo. sisita tsamba

08:06 Chikwama: likukanda. ndevu za masiku atatu

08:06 Msuweni: zula chimodzi. kanda muzu ndi chikhadabo, nunkhiza

08:08 Chikwama: woyera, wowonda, wautali. ukulasa mphuno. ndayetsemula

08:08 Msuweni: pali chomwe chabereka? pansi pa maluwa, timakoko

08:11 Chikwama: [chithunzi]

08:11 Chikwama: alamu anasiya ichi kuseri kwa mgolo. tili ngati mikanda pa ulusi. kumapeto kosongoka

08:12 Msuweni: tsegula kamodzi ndi chala, ngati nyemba

08:13 Chikwama: sikakutseguka. kakuthyoka mfundo mfundo. mfundo iliyonse gwaa ngati mtengo

08:19 Chikwama: ndiye?

08:26 Chikwama: dokotala, wakomoka?

08:31 Msuweni: [uthenga wa mawu 1:04] Ndinapita kukatsegula kabati kuti nditsimikize. Tamvera. Chimenecho si chakuno. M'mabuku ndi Raphanus raphanistrum, azungu amati wild radish, ife pano timangoti mikanda. Chimamera m'minda ya tirigu, maiko akutali uko. Mfundo zimenezo kukula kwake n'chimodzimodzi njere ya tirigu, ndiye sefa imazilola kudutsa. Ine zaka khumi ndi chimodzi pa labu pano ndachiona kamodzi kokha. Tirigu wina anabwera pa sitima, ndinakhala masiku atatu ndikutola kamodzikamodzi mpaka maso kufiira. Tinalamula kuti apite molunjika ku fakitale ya ufa, zinyalala zake aotche. Sanalowe pa msika, sanafike kwa mlimi. Ndiye funso ndi langa tsopano. Pabwalo pa alamu chafika bwanji?

08:33 Chikwama: mphepo?

08:33 Msuweni: cholemera. ndipo fakitale ili kutali, tsiku lathunthu pa basi. chimayenda ndi anthu. m'matumba a zovala, m'jombo, m'mapindo a buluku

08:34 Chikwama: tirigu ameneyo anabwera liti

08:36 Msuweni: miyezi isanu yapitayo

08:36 Msuweni: koma achimwene ako amanyamula simenti. si choncho?

08:37 Chikwama: simenti ndi fetereza. zaka zonse

08:37 Chikwama: dikira

08:40 Chikwama: [uthenga wotumizidwanso, wochokera kwa Achimwene] lero ndanyamula tirigu koyamba. wosaika m'matumba, angothira mu thirela ngati mchenga nkuphimba tenti. akununkha adyo. ukadzasiya kuyendayenda ndidzakuphikira buledi kkk

08:40 Chikwama: womaliza umenewo. ulendo womwe alamu akuti sanabwereko

08:44 Msuweni: mwina a kampani anabweretsa katundu wawo?

08:44 Chikwama: ngakhale bulangete ayi. ndinafunsa ndekha

08:45 Msuweni: chamera pati penipeni? yenda nacho, undiuze

08:47 Chikwama: chayambira pa geti ya kuseri. ya malata ija, yomwe sitidutsa

08:48 Chikwama: sichinamwazike. pomwe alamu azula pakuoneka timaenje. mzere

08:49 Chikwama: apa kumanzere. apo kumanja. apa kumanzere

08:49 Chikwama: ndayesa kupondamo. ndikuchita kutambasula miyendo. ndi mayendedwe a munthu wamtali

08:50 Msuweni: pitiriza

08:52 Chikwama: pa mpopi chazungulira. pakati pali mpata wokwana munthu kuima

08:53 Chikwama: pansi pa chingwe choyanikira, chambiri

08:53 Msuweni: pakati pake pali kaudzu kokhala ndi ngala?

08:55 Chikwama: tiwiri. pafupi ndi mwala wochapira

08:55 Msuweni: ameneyo ndi tirigu. wina mbalame zinatola, mikanda yolimba zinasiya. mvula itabwera yadzuka

08:56 Msuweni: Chikwama. munthu wotuluka mu tirigu ameneyo anayenda pamenepo. ine ndalekeza pomwepa, ndine wa mbewu

08:56 Chikwama: anafika kunyumba

08:57 Msuweni: sindinatero

08:57 Chikwama: anafika. alamu anatinamiza tonse. mayi akhala akulira miyezi isanu

09:01 Chikwama: mzere sunathe. ukupita ku kanyumba ka matayala

09:02 Chikwama: loko yatsopano. kunja. zenera amata katoni cha mkati

09:03 Chikwama: [chithunzi]

09:03 Chikwama: pa chitseko penipeni. mu mng'alu wa simenti. ting'onoting'ono, timasamba tiwiri ngati mtima. alamu sanatione

09:04 Msuweni: n'chomwecho, changomera kumene. pa mthunzi chimachedwa. osaganiza zambiri

09:04 Chikwama: ndaganiza kale

09:05 Msuweni: tuluka pamenepo. serious. pita pa msewu, khala pa golosale pali anthu

09:07 Chikwama: ndagwada. ndanunkhiza pansi pa chitseko. Mulungu andikhululukire

09:07 Msuweni: iwe

09:08 Chikwama: sizomwe ndimaopa. mukununkhira sopo

09:08 Chikwama: m'chipinda cha matayala. sopo

09:10 Chikwama: ndagogoda

09:10 Msuweni: ndani wakuuza kt ugogode

09:11 Chikwama: palibe wayankha

09:11 Chikwama: koma ndagona m'malo ogona alendo okwana mazana. chipinda chopanda munthu ndimachidziwa. ichi chagwira mpweya

09:14 Chikwama wapanga gulu: udzu. Alimo: Msuweni, Mlamu

09:15 Chikwama: alamu. ndili kuseri

09:15 Chikwama: [chithunzi]

09:15 Chikwama: chimenechi chimabwera ndi tirigu. tirigu wa ulendo womaliza wa achimwene. chamera kuyambira pa geti mpaka pa kanyumba

09:16 Chikwama: mu kanyumba muli chani

09:29 Chikwama: mwawerenga. ndikuona

09:41 Mlamu: ndili ndi kasitomala alamu

09:41 Mlamu: chokaniko kuseriko pls. ndinakuuzani musakhudze

09:43 Msuweni: alamu, ndine msuweni wawo wa ku labu, tinaonana pa ukwati wanu. sitikukuimbani mlandu. udzuwo ndauzindikira ndine, ndipo njira yomwe ungafikire pakhomo panu ndi imodzi yokha

09:44 Chikwama: funso limodzi. ali moyo?

09:52 Chikwama: pa khonde la aneba pali chitsulo chokumbira. loko imeneyi ndi ya mphindi ziwiri

09:52 Mlamu: AYI

09:53 Mlamu: ali moyo

09:53 Mlamu: musathyole. mumuopseza

09:58 Mlamu: [uthenga wa mawu 1:31] Ndalowa m'kachipinda koyezera zovala, ndilankhula motsitsa. Anafika masana, ine ndikuchapa. Analowera ku geti ya kuseri, wapansi. Tirigu m'tsitsi, m'makutu, m'jombo akuchita kutayika. Moni ayi. Anavula ovolosi pa mpopi n'kuyamba kusamba. Kusamba, kusamba, sopo watsopano mpaka kutha. Ine wopusa ndinatenga ovolosi n'kukakung'untha pa chingwe. Kenako analowa mu kanyumba n'kunena kuti khoma kunja, aliyense akafunsa sindinafike. Ine ndimayesa ndi za tsiku limodzi, alamu. Mawa lake apolisi anabwera, ndinanama. Ukanama kwa apolisi, kwa apongozi umayamba bwanji kunena zoona?

09:59 Chikwama: akuthawa chani

10:06 Mlamu: [uthenga wa mawu 1:48] Anatenga munthu pa msewu. Bambo wachikulire, kachikwama ka pulasitiki m'manja, akuti akukaona mwana wawo wamkazi wabereka. Kampani imaletsa kukweza anthu, ndiye mukudziwa mmene madalaivala amachitira. Akayandikira pa sikelo ya malole, pomwe mabwana amadikira, munthu amakwera kumbuyo, amamufunditsa tenti, akadutsa amabwerera kutsogolo. Pa simenti wachita zimenezo zaka zonse, wina amatuluka ali mbuu n'kumaseka. Bambowo akuti anachita kuthokoza kuti tirigu ndi wofewa. Tsiku limenelo mzere unali wautali. Maola atatu. Atadutsa anayenda kaye pang'ono kuti mabwana asaone, n'kuima, n'kuvundukula tenti. Anapeza amira mpaka m'chiuno, manja ali... ayi, sinditha. Anawakoka yekha. Anawagoneka mu ngalande n'kuwakwirira ndi fosholo ya mu lole.

10:07 Msuweni: adyo uja

10:08 Chikwama: adyo watani

10:10 Msuweni: si adyo. ndi mapilitsi ophera anankafumbwe. amaika mu tirigu, amatulutsa mpweya pansi pa tenti. tenti ntchito yake ndi kusunga mpweyawo kt usathawe

10:11 Msuweni: wa simenti sangadziwe zimenezo ngati sanamuuze

10:11 Msuweni: pepala lolamula kt athire asananyamuke ndinasaina ine

10:13 Mlamu: kuthawa apolisi si nkhani yaikulu. nkhani ndi udzuwo

10:16 Mlamu: [uthenga wa mawu 0:57] Mvula itagwa unamera. Iye anaboola katoni ndi msomali, amasuzumira. Akuti ona, ndi mapazi a bambo aja, akutsata momwe ndinayenda. Anayambira pa geti. Sabata yotsatira pa mpopi. Kenako pa chingwe. Ine ndimazula asanadzuke koma amawerenga timaenje. Akuti tsiku lomwe adzafike pa chitseko, iye sadzadikira kuti agogode. Chingwe chomangira tenti ndachichotsa pansi pa matiresi kawiri. Ndiye musamuuze chilichonse, za kufupi ndi kanyumba ndazula zonse lero, sanafike.

10:17 Chikwama: alamu

10:17 Chikwama: [chithunzi]

10:17 Chikwama: pa chitseko. simunatione. pansi pa chitseko pali mpata wa zala ziwiri. timbewu timeneti achimwene akutiona

10:18 Chikwama: ndipo ine ndagogoda

10:18 Mlamu: mayo

10:18 Mlamu: ndikubwera. kiyi ili ndi ine. ndikwera njinga yamoto, mphindi 40

10:19 Mlamu: lankhulani naye. musasiye. adziwe kt ndinu

10:19 Chikwama: ndinene chani

10:19 Msuweni: chilichonse. yamba

10:23 Chikwama: [uthenga wa mawu 1:12] Achimwene. Ndine. Ndine Chikwama, wogogoda uja ndine, palibenso wina pabwalo pano. Ndakhala pansi, ndatsamira chitseko, mukumva? Foni ndayatsa kuti msuweni amve, mukandikana adzakhala mboni. Ndabwera ndi basi ya dzulo, ya mipando yothyoka ija, ndinakhala pa thumba la anyezi. Inu muli pompano, ine ndinagona pa sofa yanu, ndamwa tiyi mu kapu yanu. Sindikukalipa. Ndidzakalipa mawa. Tamverani, za pakhomo panuzi ndi udzu. Ndazula, ndanunkhiza, ndayetsemula. Munabwera nawo nokha m'jombo. Uli ndi dzina, msuweni ali nawo mu kabati. Achimwene? Gogodani kamodzi ngati mukumva.

10:24 Chikwama: zii

10:24 Chikwama: dzina lija. limatchulidwa bwanji

10:25 Msuweni: ra-fa-nasi ra-fa-ni-si-tiramu

10:26 Chikwama: ndatchula katatu. lilime lakana. ndikuoneka ngati wamisala

10:26 Msuweni: kweza volume, ika foni pa mpatawo

10:28 Msuweni: [uthenga wa mawu 1:09] Dalaivala, ndi ine wa ku labu. Zomwe ndikunenazi ndi za ntchito yanga, ngati mmene inu mumadziwira magiya. Mu tirigu munanyamula uja munali mbewu za udzu, zolimba, zangati mikanda. Zinagwa m'jombo mwanu phazi lililonse, n'chifukwa chake zamera ngati mapazi. Ndi anu mapaziwo. Pa geti pamawomba dzuwa tsiku lonse, panayamba kumera. Pa mpopi pali chinyezi, panatsatira. Pa chitseko panu ndi pa mthunzi, pachedwa. Sizikuyenda. Zinagwa tsiku limodzi, zikudzuka mosiyana. Alamu akazula amatakasa dothi, zogona zimadzukanso. Ndikakupatsani kapu imodzi ya tirigu ameneyo n'kuwaza pabwalo pa tchalitchi, zimeranso chimodzimodzi.

10:31 Chikwama: ndaseweretsa kawiri

10:33 Chikwama: matiresi alira

10:34 Chikwama: zala. pansi pa chitseko. zikhadabo zazitali

10:34 Chikwama: ndazigwira. zozizira. sakuchotsa

10:39 Chikwama: alankhula. mawu ngati a munthu wina

10:39 Msuweni: akuti chani

10:40 Chikwama: akuti ngati zinali m'jombo mwawo, nanga m'jekete la bambo aja

10:41 Msuweni: zinalimo. zambiri kuposa

10:41 Chikwama: akuti ndiye zamera

10:42 Msuweni: ngati mvula inagwa kumeneko, zamera. pa dothi lotakasidwa ndi fosholo ndiye zimakondwa

10:46 Chikwama: akuti malowo sakuwadziwa. mutu unali utaima. ngalande zonse zofanana. miyezi yonseyi akufuna kukanena, koma akafunsidwa ali pati akaloza kuti

10:47 Chikwama: akuti mwana wa bambo aja akudikirabe pa siteji

10:49 Msuweni: auze izi. msewu wonsewo palibe pena pomwe pangamere duwa limeneli mowirira. pano lili ndi maluwa, likuoneka uli mu galimoto. pakatha masabata atatu likauma, lidzangokhala tchire ngati lina lonse

10:50 Mlamu: musamuuze zimenezo. akamumanga

10:50 Chikwama: ndawauza kale

10:51 Mlamu: ndili pa mphambano

11:58 Msuweni: ?

12:40 Msuweni: Chikwama ndadya foni yanga ndi maso. chilipo?

13:05 Chikwama: atuluka

13:05 Chikwama: ndevu mpaka pa kolala. akutsinzina ndi dzuwa. buluku amanga ndi waya

13:06 Chikwama: anadumpha timbewu ta pakhomo. kenako anabwerera. anagwada. azula kamodzi, akukatembenuza ngati akuyang'ana nambala

13:07 Chikwama: alamu akulira mu bafa, mpopi atsegula kt tisamve. tikumva

13:08 Msuweni: mayi ako wawauza?

13:08 Chikwama: alankhula nawo okha. mayi angonena kt wadya? basi. kenako foni inagwa

13:10 Chikwama: mawa 8 tikupita ku polisi. afuna okha. tikiti yanga ndapatsa aneba

13:11 Msuweni: pepala la mankhwala ndikutumiza. akafunsa ndani anasaina, nambala yanga uli nayo

13:11 Chikwama: ok

Lachitatu

08:52 Mlamu: mwalowa?

09:30 Chikwama: talowa. alemba. anatiseka poyamba, akuti mukufuna tikasake maluwa. ndinawasewerezera mawu a msuweni. asiya kuseka

09:31 Mlamu: amumanga unyolo?

09:31 Chikwama: ayi. akhala kumbuyo ndi ine. apolisi awiri kutsogolo. fosholo ziwiri

09:32 Mlamu: jekete wavala? kunja sanazolowere

09:32 Chikwama: avala

11:47 Chikwama: tadutsa pa sikelo. mzere wa malole ngati tsiku lija, akutero. anabisa nkhope m'maondo mpaka tadutsa

11:55 Chikwama: tikuyenda pang'onopang'ono. magalimoto akutiimbira hutala

12:03 Chikwama: [chithunzi]

12:04 Msuweni: ayi. chikasu chimenecho chawala kwambiri, ndipo ndi chitsamba. pitirirani

12:21 Chikwama: [chithunzi]

12:21 Msuweni: ayi. musayang'ane m'mphepete mwa tara. yang'anani pansi mu ngalande

12:38 Chikwama: wapolisi wamkulu akuti mafuta. atipatsa mphindi 20

12:39 Mlamu: mwina sizinamere. mwina mbuzi zinadya. mungobwerera

12:39 Mlamu: Mulungu andikhululuke, ndikupempherera kt musapeze

12:51 Chikwama: network ikuthawa

13:02 Chikwama: taima

13:02 Chikwama: aona ndi achimwene. angogwira phewa la woyendetsa

13:03 Chikwama: [chithunzi]

13:04 Msuweni: ndi chimenecho

13:04 Chikwama: kumtunda udzu wamba. kumunsi udzu wamba. pakati maluwa okhaokha, otumbuluka. mulitali mamita awiri osakwana. mbali imodzi yotakata, ina yowonda

13:05 Chikwama: mphepo kulibe. njuchi zokha

13:06 Mlamu: ali bwnj

13:07 Chikwama: atsika mu ngalande. apempha fosholo imodzi. apolisi ayang'anana. awapatsa

13:07 Mlamu: musamusiye yekha alamu

13:08 Chikwama: ndili pambali pawo

13:41 Chikwama: kachikwama ka pulasitiki. muli tizovala ta khanda. sopo. shuga wasungunuka

13:41 Chikwama: chiphaso mulibe. foni mulibe

13:44 Mlamu: wanena chani

13:49 Chikwama: wapolisi watulutsa fomu. wafunsa dzina la malemu

13:50 Chikwama: achimwene akuti anayenda nawo maola anayi kutsogolo. anagawana nthochi. anakamba za mpira, za zidzukulu

13:50 Chikwama: dzina sanafunse

13:58 Mlamu: abwera nanu kunyumba?

14:20 Mlamu: alamu

15:06 Mlamu: alamu, ndiphike za anthu angati?